Dzanja Limene Linatsala Paphewa la Abusa

Achimwene anga, amene ana asukulu anawapatsa dzina lakuti Dasitala, aphunzitsa histole pasukulu ya sekondale ya mpingo wathu kuyambira pamene inali midadada iwiri yokha ndi chimbudzi chopanda denga. Anthu amawapatsa ulemu. Akamadutsa mumsewu, jekete yawo ili mbuu ndi choko, Baibulo lili kukhwapa, makolo amaima n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Ine ndinayamwa bere limene iwo anasiya, choncho ndimawadziwa kuposa onsewo, ndipo ndineneretu kuti sindiwawerengera ngakhale pang'ono. Chimene ndinkafuna kwa iwo zaka zonsezi chinali chimodzi: atchule dzina la malemu mwamuna wanga m'kalasi mwawo, mwana wanga akumva.

Khalidwe lawo si ladzulo. Tili ana, anyamata akamamenyana kuseri kwa sukulu, achimwene ankaima patali manja ali m'thumba. Ndewu ikatha mumawapeza akusasa fumbi pamalaya a amene wapambana, akumuuza kuti, "Ndinadziwiratu kuti umuonetsa." Kumpira nako ankadikira chigoli choyamba kuti adziwe timu yoti aichemerere. Amayi ankanyadira kuti anabereka mwana wofatsa, wodana ndi chiwawa. Bambo ankangomuyang'ana n'kunena kuti, "Uyu adzafa ndi ukalamba," ndipo sankanena moyamikira.

Histole sanaisankhe chifukwa choikonda. Masamu anawakana, sayansi inawathamangitsa, n'kupeza kuti khomo lotsegula latsala limodzi. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi ntchito inasowa, ndipo anabwera kudzagona pabalaza pathu, pampando wautali umene mpaka lero uli ndi dzenje pamene ankakhala. Nthawi imeneyo mwamuna wanga, amene ana ankamutchula kuti aMasamu chifukwa cha phunziro lake, anali pakalikiliki kuyambitsa sukuluyi pamodzi ndi abusa, mkulu wina wa mpingo, ndi mayi amene anakhala hedimisitiresi woyamba. Masana ankaphunzitsa pansi pa malata obwereka, madzulo n'kumanyamula njerwa. Njerwa ina inamugwera pachala chaching'ono cha dzanja lamanja, ndipo chinapola chokhota ngati mbedza.

Ndi iyeyo amene anachonderera abusa kuti alembe mlamu wake ntchito. Anamubwereka taye, nsapato, ngakhale lamba. Tsiku lotsegulira sukulu oyambitsa anayiwo anajambulitsa pakhomo la mdadada woyamba: hedimisitiresi, mkulu wa mpingo, abusa, ndipo kumapeto mwamuna wanga, atapisa mkono kumbuyo kwa abusa, dzanja lake n'kutulukira paphewa lawo lakutali. Achimwene pachithunzipo palibe. Anali pambali atanyamulira wojambula chikwama.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kosavuta, ndipo sanakasinthepo. Amalowa m'kalasi, amapemphera maso ali otsegula kuti aone amene sakutsinzina, kenako amajambula mzere pakati pa bolodi. Kumanzere amalemba kuti Odalitsika, kumanja Otembereredwa. Aliyense amene anapambana nkhondo amapita kumanzere, wogonja kumanja, ndipo phunziro lathera pomwepo. Chifukwa chiyani ufumu wakuti unakula? Unali wolungama. Chifukwa chiyani unagwa? Unachimwa. Vuto linali lakuti maufumu ena amapambana Lolemba n'kudzagonja Lachinayi. Aroma okha ankayenda ulendo wautali pabolodi limenelo. Achimwene ankangotola dasitala, kufufuta kumanzere, kulemba kumanja, osachita manyazi, ngati kuti Lolembalo kunalibe. Mwana wina atafunsa kuti, "Aphunzitsi, si paja munati anali odalitsika?" anamutuma kukasesa m'tchalitchi sabata yonse. Kuchokera pamenepo dzina la Dasitala linawamata, ndipo ana akale ankalangiza atsopano kuti, "Usavutike ndi kuwerenga, ingodziwa amene wawina."

Kuwonjezera pa histole ya boma, sukuluyi ili ndi phunziro lakelake lotchedwa Mbiri ya Mpingo ndi Sukulu Yathu. Mwana wolephera limeneli sakwera kalasi, ngakhale akhoze masamu ngati makina. Amaphunzitsa ndi achimwene, amafunsa ndi achimwene, amachonga ndi achimwene. M'chipinda chawo munapachikidwa zithunzi zakale za sukuluyi, ndipo pamwamba pa zonse panali chija cha oyambitsa anayi. Funso loyamba pamayeso silinkasintha: tchulani anthu amene anayambitsa sukulu ino.

Zinthu zinasokonekera pamene abusa anabwera ndi nzeru yakuti ana ofooka m'kalasi asamalembe mayeso a boma m'dzina la sukuluyi. Azikalembera kwina, kuti chikwangwani cha pageti chizinena kuti onse anakhoza. Mwamuna wanga anakana pamsonkhano wa aphunzitsi. Anati ana amenewa makolo awo anatikhulupirira, ndipo kuwabisa ndi bodza ngakhale titalipempherera. Anandiuza yekha kuti itafika nthawi yoimika manja, achimwene anayamba kukanda m'khutu, maso akuzungulira chipinda chonse. Ataona kumene manja achuluka, dzanja lokanda m'khutu lija linangopitirira kukwera.

Temu isanathe mwamuna wanga anachotsedwa ntchito. Anayesa kuphunzitsa ana masamu pakhonde pathu, koma mtima unali utasweka, ndipo matenda a shuga amene ankawanyalanyaza anapeza mpata. Kumaliro achimwene anafika mochedwa, atafunsa kaye ngati abusa abwera. Anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pochoka anandigwira paphewa n'kunong'ona kuti, "Chemwali, limba mtima. Koma Mulungu sanyozeka." Munthu amene anagona pampando wake, atavala nsapato zake! Ndikanakhala ndi mphamvu tsiku limenelo ndikanawalavulira kumaso.

Za chithunzi ndinamva kwa mkazi wa mlonda, amene anabwera kudzagula mankhwala achifuwa m'sitolo imene ndimagwira ntchito. Ndinatseka kabati n'kupita kusukuluko ndi yunifolomu yanga yomweyo. Ndinawapeza ali okha m'chipinda cha histole akudya nthochi. Chithunzi chinali pamalo pake, m'felemu yake yomwe ija, koma chinali chitachepa. Anali atadula mwamuna wanga ndi lezala, mzere woongoka bwinobwino, pogwiritsa ntchito rula yachitsulo imene mwamuna wangayo anaiwala m'chipinda cha aphunzitsi. Pamalo otsalawo anaikapo pepala loyera lolembedwa vesi. Koma dzanja lija silikanatheka kudulidwa popanda kuboola abusa. Linatsala paphewa pawo, zala zinayi zoongoka ndi chimodzi chokhota, lopanda mwini.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ukufuula chiyani, chemwali? Ino ndi sukulu ya Mulungu."

"Mlamu wanu ali kuti?"

"Ali bwinobwino, sindinataye ayi." Anatsegula dirowa n'kutulutsa kachitini kaja ana amasungiramo makampasi. Munali timitu ta anthu tambirimbiri todulidwa pazithunzi: mphunzitsi wa chizungu amene anathawa ndi mtsikana wakwaya, mwana wina amene anali mtsogoleri wa anzake koma anasanduka chidakwa, wophika amene anapita kumpingo wina. Mwamuna wanga anali pamwamba, akumwetulira, mkono wake utathera m'malere. "Wa histole sataya chinthu," anatero akutseka. "Sudziwa zamawa."

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina n'zoona, koma mafupa ena amanunkha.

Mwana wathu ndi mmodzi yekha, mtsikana. Bambo ake ankamutchula kuti Loya chifukwa sankalandira yankho popanda kulitembenuza kaye. Atakhoza mayeso a pulayimale, sukulu yabwino yapafupi inali yomweyo. Kale ana a oyambitsa ankalowa popanda funso, koma tsopano bambo ake sanalinso woyambitsa. Anamulandira ngati mwana wa mlongo wa mphunzitsi, ndipo achimwene anaonetsetsa kuti ndamvetsa kuti malo amenewo akulendewera padzina lawo. Ndinameza malovu n'kuthokoza, chifukwa wopempha salamula.

Loya anachiona chithunzicho tsiku loyamba lomwe. Anandifotokozera madzulo ake akuvula masokosi. Achimwene anali ataloza ndi ndodo: hedimisitiresi, mkulu wa mpingo, abusa. Atatu, monga anzake a Danieli m'ng'anjo yamoto. Loya anaimika mkono.

"Amalume..."

"M'kalasi muno mulibe amalume."

"Aphunzitsi, nanga dzanja lili paphewa la abusalo ndi la ndani?"

Kalasi yonse inatembenuka. Ena anali asanalionepo, ndipo anayamba kuwerenga manja a anthu atatuwo n'kupeza asanu ndi awiri. Kunamveka kuseka kobisa. Achimwene anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali ngati akuchiona koyamba, kenako anatola dasitala n'kuyamba kufufuta bolodi limene linali loyera kale.

"Funso limenelo silibwera pamayeso," anatero.

Mayeso atafika, Loya analemba mayina anayi. Achimwene anadula lachinayi ndi inki yofiira, anamulepheretsa pepala lonse chifukwa cha chimene anachitcha mwano, n'kubwera okha kusitolo kudzandiuza. Anadikira kuti kasitomala atuluke, anatsamira pakauntala ngati munthu wodzagula mankhwala amanyazi.

"Chemwali, umulangize mwana wako. Abusa akamva, ine sindingamuteteze."

"Walemba bodza?"

"Sindikunena za bodza kapena zoona. Ndikunena za silabasi."

"Ndi bambo ake, achimwene. Chala chimenecho chinathyoka pomanga chipinda chimene inu mukudyeramo nthochi."

"Ndamupatsa mwayi wolembanso Lachisanu. Akabwereza, akafune sukulu ina." Anaweramuka, n'kufunsa ngati ndingawachotsereko mtengo pa mafuta opaka m'mawondo.

Kunyumba ndinamukhazika Loya pansi. Ndinamuuza kuti, "Lemba atatu, mwanangu. Wachinayiyo tikumudziwa ife." Sanalire. Lachisanu analemba atatu n'kukhoza bwino kwambiri, ndipo amalume ake analemba m'mphepete kuti walapa. Koma kuyambira pamenepo ankalawirira m'mawa kuposa wina aliyense kuti apeze desiki imene inali pansi pa chithunzicho. Ankati akatopa ndi Odalitsika ndi Otembereredwa amangokweza maso n'kuyang'ana chala chokhotacho. Zaka zitatu anakhala pamenepo, akudikira kuti mwina tsiku lina lilime la amalume ake lidzaterereka n'kutchula dzinalo. Silinaterereke. Achimwene amatha kuiwala chaka chimene nkhondo yaikulu inatha, koma saiwala amene sayenera kutchulidwa.

Loya ali folomu yomaliza, mphepo inatembenuka. Makolo a ana amene ankabisidwa pamayeso aja anakadandaula kulikulu la mpingo. Kunabwera akuluakulu atatu pagalimoto, anakhala m'ofesi masiku angapo, ndipo pochoka anachoka ndi abusa. M'malo mwawo munabwera abusa achinyamata amene anaphunzira pasukulu yomweyo kalekale, mmodzi mwa ana ofooka amene mwamuna wanga ankatsala nawo madzulo kuwabwereza masamu. Poyendera makalasi anafika m'chipinda cha histole, ana ali momwemo, n'kuima pansi pa chithunzi.

"Kodi aMasamu ali kuti pamenepa? Ine ndikukumbukira kuti anali anayi."

Loya akuti anaona amalume ake akuyamba kukanda m'khutu. Koma musawaderere achimwene pa nkhani ngati zimenezi, ndi pamene luso lawo lili.

"Akukonzedwa, abusa. Njenjete zinadya mbali imeneyo, ndiye ndinawachotsa kuti ndiwasunge bwino. Amene aja anali mlamu wanga weniweni, anakwatira mlongo wanga. Mwana wawo ndi uyu apa, ndikumulera ndine."

Sabata yomweyo Lachinayi, bolodi la Mbiri ya Sukulu Yathu linasintha. Abusa akale anasamukira kumanja. Ana amene analemba m'makope mwawo chaka chathachi kuti munthuyo anali Mose wa sukuluyi anauzidwa kuti amatepo pepala n'kulemba kuti Sauli.

Kenako achimwene anabwera kunyumba kwanga, koyamba chimwalirireni mwamuna wanga. Anabwera ndi buledi ndi shuga, nakhala padzenje lawo lomwe lija pampando wautali. Sukulu inali kukonza mwambo wokumbukira kukhazikitsidwa kwake, ndipo iwo ndi amene anapatsidwa kufotokoza mbiri.

"Chemwali, pemphero lako layankhidwa. Alamu akubwerera pamalo pawo. Ndakusungira mpando kutsogolo, pafupi ndi abusa. Uvale bwino."

"Mulungu uja sanyozeka uja wasintha maganizo?"

"Usamalankhule choncho. Nthawi zonse ine ndinkadziwa kuti alamu anali olungama, kungoti nthawi inali isanakwane." Anamwa tiyi wanga, n'kuwonjezera monyadira kuti, "Ubwino wake funso loyamba silifunika kulitayipanso. Akadali atatu."

Ndinapita, chifukwa cha Loya. Ndinaona mmene ankasitira yunifolomu yake m'mawa umenewo, kubwereza kolala kawirikawiri, ndipo ndinadziwa kuti mumtima mwake mudakali kamwana kaja kamene kanaimika mkono. Holo inadzaza. Kwaya inaimba, abusa atsopano anapemphera, kenako achimwene anakwera kutsogolo atavala taye imene ndinaizindikira, chifukwa ndinaigula ndine.

Anatchula dzinalo. Sanalitchule kamodzi ayi, analitchula mpaka linayamba kutha ngati sopo. Mlamu wanga wokondedwa, mzati wa sukulu ino, Yosefe amene abale ake anamugulitsa. Anafotokoza za njerwa ija ngati kuti anainyamula limodzi. Anafotokoza za msonkhano wa aphunzitsi uja, nati, "Tinali ochepa amene tinaima naye tsiku limenelo." Aphunzitsi akale amene analipo pamsonkhanowo anangoyang'ana nsapato zawo, pakuti nawonso manja awo ankawadziwa kumene analoza. Atafika pa imfa yake mawu anawathera, anatulutsa mpango, ndipo misozi inatulukadi, yeniyeni, yonyowetsa. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Koma bambo awa ankamukonda mlamu wawo." Ine ndinangoluma mlomo kuti ndisaseke m'nyumba ya mapemphero.

Pomaliza anavundukula chithunzi chimene chinali chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Anthu anaomba m'manja. Pachithunzipo hedimisitiresi analipo, mkulu wa mpingo analipo, ndipo pambali pake, atamatidwa ndi guluu amene anatuluka pang'ono m'mbali, panali mwamuna wanga akumwetulira. Abusa akale anali atadulidwa ndi lezala lomwe lija, mzere woongoka bwinobwino. Koma dzanja lija linali paphewa pawo, ndipo linapita nawo. Mwamuna wanga anaima pamenepo atatambasula mkono wothera m'malere, akukumbatira munthu amene kulibe.

Anthu akutuluka kukalandira zakumwa, Loya anapita kwa amalume ake amene ankapukutabe m'maso pafupi ndi khomo. Ine ndinali kumbuyo kwake.

"Amalume, zikomo powatchula adadi. Ndimapempha chinthu chimodzi."

"Nena, mwanangu. Lero ndi tsiku lako."

"Mundipatseko dzanja lawo lija. Lili m'kachitini, si choncho? Mungolidula paphewapo, ndikalisunge ine."

Achimwene anayang'ana uku ndi uku, anamukokera pambali, n'kutsitsa mawu.

"Limenelo ndiye ayi, mwanangu. Ndikalidula ndiwononga phewa la abusa akale. Ndamva kuti achita apilo kulikulu, ndipo ali ndi anthu awo kumeneko." Anamusisita pamutu. "Sudziwa zamawa."

Anatisiya pomwepo n'kuthamangira kukatsegulira abusa atsopano chitseko cha galimoto.

Tinayenda wapansi kubwerera kunyumba, mpaka tinadutsa sitolo imene ndimagwira ntchito ndi malo okwerera basi. Ndinkaganiza kuti alira, ndipo ndinali nditakonza mpango. Koma Loya anangoima n'kumasula taye ya sukulu, n'kuipinda bwinobwino.

"Amayi, pamene panali dzanja lokha paja, ndinkadziwa kuti ndi la adadi. Awa amatidwa lerowa ndi a amalume. Sindikuwadziwa."

Zaka zonsezi ndinkafuna kuti achimwene atchule dzina la mwamuna wanga, osadziwa kuti pakamwa pawo ndi pamene lidzadetsedwe. Pokhala chete ankangomubisa. Pomutamanda anamulanda mwana wake kachiwiri.

Achimwene akuphunzitsabe. Anakwezedwa kukhala wachiwiri kwa hedimasitala, ndipo mzere uja akuujambulabe pakati pa bolodi m'mawa uliwonse. Lolemba lotsatira mwambowo Loya anapita kusukulu nthawi yofanana ndi anzake. Desiki ya pansi pa chithunzi anaisiyira wina, iye n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera.